Tsiku Limene Chitsulo Chinatopa Pakati pa Nyanja

Iwe Rashidi, bwera nayo kuno peduloyo, usaibise kumbuyo. Ndamva kale zimene wawauza amayi ako, zakuti yathyoka yokha iwe ukungopalasa njinga bwinobwino pamsewu wosalala. Amayi ako sanakukhulupirire. Ine ndakukhulupirira. Masiku ambiri pakamwa pakopo pamatuluka za bodza, koma lero wanena zoona, ndiye taona tsoka lako, lero lomwe ndi pamene wakanidwa.

Aisha, Fatuma, ikani foniyo pansi musendere kuno, siithawa. Taonani pothyokapa. Mbali iyi ndi yakuda, yosalala. Mbali iyi ikuwala, ndiponso ndi yokhakhala ngati shuga. Yakudayi inayamba kuthyoka kalekale, pang'onopang'ono, mwina chaka chatha. Yowalayi ndiyo yathyoka lero. Ine mukundionayu ndinakalamba ndisakudziwa bwino zimenezi, ndipo amene anadzanditsegula maso ndi mwana wanga yemwe, mayi anu aang'ono a Asiyatu. Khalani pansi ndikuuzeni.

Ana inu munabadwira m'zitsulo. Bedi lachitsulo, chitseko chachitsulo, njinga zamoto zili mbwee pamsewu ngati nyerere. Ife kwathu ku Makanjira tinakulira m'mitengo. Bwato la bambo anga linali losema, ndipo mtengo ndi chinthu chaulemu, sufa osatsanzika. Ukayamba kutha umalira, umafewa, ukaukanikiza ndi chikhadabo umakuuza wokha kuti ine basi. Chitsulo tinkachiona kwa osula okha, pamene ankapopa mvukuto wa chikopa cha mbuzi n'kumasula makasu ndi mikondo yophera ng'ona. Khasu limodzi linkalimira agogo, n'kulimira mayi, n'kudzafika kwa mdzukulu litatsala ngati chikhatho. Tinkadziwa kuti chitsulo chili ndi adani awiri, moto ndi dzimbiri. Wachitatu sitinkamudziwa.

Ntchito ya injini ndinaiyamba ndili bambo kale, wa ana atatu, ndili pa chikamwini kwa anganga anu awa a Abiti Selemani. Akusenda chinangwa apo ngati sakumva, koma khutu lili kuno, ndikalakwitsa mudzaona. Bwato langa linali litaola, ndiye ndinakapempha ntchito pa boti la a Barnaba. Amenewa anali Mkhristu wa Angilikani, munthu wamtali, wa mawu ngati ng'oma, ndipo ankayendetsa boti lawo okha, akuimba nyimbo za kutchalitchi. Linali boti lamatabwa lalikulu ndithu, injini yake ya dizilo ili m'mimba. Linkaolotsa anthu, matumba a usipa, njinga, mbuzi, kupita tsidya la kumadzulo. Masiku amenewo msewu wa kwathu unali dzina chabe. Mvula ikagwa lole inkatha masiku awiri panjira, anthu mukutsika n'kumaikankha, mukudya makaka ouma ndi madzi a m'zithaphwi. Boti ndilo linali msewu wathu.

Lamulungu boti silinkayenda chifukwa cha iwo. Lachisanu silinkayenda mpaka titatuluka mu mzikiti chifukwa cha ife. Palibe anakhala pansi kupangana zimenezi, zinangokhala choncho.

Amene anandiphunzitsa injini anali Che Mkwanda, fundi wokalamba amene anagwirapo ntchito ku Joni, kokonzera sitima za pamtunda. Khutu limodzi linali logontha, koma injini ankaimva kuposa tonse. Ankatenga chitsulo chachitali, mbali imodzi n'kuigunditsa pa injini, mbali ina n'kuiluma ndi mano, maso ali tsinzi. Akatero ankakuuza chimene chikudwala mkatimo.

Tsiku lina tili pansi pa boti, lili pamtunda, anandifunsa kuti, "Amidu, chitsulo chimatopa kapena ayi?"

Ine ndinaseka. Ndinati, "Fundi, chitsulo chilibe msana, chitopa bwanji?"

Anatola waya pamchenga n'kundipatsa. "Udule ndi manja."

Ndinakoka mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka, osatheka. Iwo anautenga, n'kuupinda uku, kuubweza uku, modekha ngati akusewera ndi mwana. Posakhalitsa waya uja unaduka, pothyokapo pali potentha.

Anati, "Mphamvu zako zonse zalephera, koma kubwereza kwapambana. Shafiti iyi ikazungulira kamodzi imapindika pang'ono, pang'ono kwambiri moti diso silingaone. Tsono taganiza kuti imazungulira kangati kuchoka pano kukafika tsidya."

Shafiti, ana inu, ndi mtanda wachitsulo wonenepa ngati dzanja langali, wochoka ku injini n'kutulukira kumbuyo kwa boti. Kumapeto kwake kuli pulopela, mapiko atatu aja amene amapalasa madzi. Che Mkwanda anandionetsa kafufuzidwe kake. Unkaipukuta shafitiyo, n'kuithira palafini, n'kudikira. Kenako unkaipukutanso mpaka iume, n'kuwazapo ufa wa choko cha kusukulu, n'kuigogoda ndi nyundo. Ngati pali mng'alu wobisika, palafini amene analowa mkatimo ankatuluka n'kujambula kamzere kakuda pa choko paja, ngati tsitsi limodzi pa nsalu yoyera. Tsiku loyamba kuona zimenezi, pa chitsulo chakale chimene anandiyesera, ndinadabwa kwambiri. Chitsulo chooneka chamoyo, koma mkati chili ndi bala.

Maso a fundi atayamba kuchita khungu, injini inatsala m'manja mwanga. Palafini ndi choko ndinkachita ndithu nthawi zonse boti likakokedwa pamtunda. Koma ndinkachita pamene pankaoneka. Kunsi kwa khosi la pulopela sindinkafikako, chifukwa kuchotsa pulopela inali ntchito ya tsiku lathunthu, ndipo anthu amakhala akudikira padoko ndi katundu wawo.

Tsopano tifike pa tsiku lija. Mvula inali itangosiya kumene, mpunga ukucha m'madambo, milatho ya mumsewu isanakonzedwe. Anganga anuwa anali ndi pakati potopa. Mwana wa m'mbuyo mwake tinamutaya pobadwa, ndiye anamwino a kwathu anatiuza kuti uyu akabadwire kuchipatala chachikulu, tisachedwe. Tinatuluka mu swala, pemphero lathu la m'mawa, n'kukwera boti dzuwa likungotuluka. Munali modzaza, azimayi a geni ndi madengu awo, ana asukulu obwerera ku tchuthi, mkulu wina wodwala chifuwa atamugoneka pa matumba. Nyanja inali bata ngati mafuta m'mbale.

Tinayenda mpaka mapiri a kwathu anasanduka utsi. Ine ndinali pansi pafupi ndi injini, ndikudya mbatata yootcha. Sitinagunde mwala, sitinakole ukonde. Ndinangomva kuti gu, kamodzi, osati mokweza ayi, ngati munthu wagwetsa mtondo m'nyumba ya mnzake. Pomwepo injini inakuwa. Ana inu simunamvepo injini ikulira yopanda katundu. Imakuwa ngati ikufuna kudzing'amba. Ndinalumpha n'kuizimitsa. Kenako kunangoti zii. Phokoso limene munalizolowera kwa maola likasiya, makutu amachita kuwawa.

A Barnaba anaitana ali kuchiwongolero. "Amidu, chachitika n'chiyani?"

Ndinavula malaya n'kudumphira m'madzi kumbuyo kwa boti. Madzi a pakati paja ndi oyera, umaona mpaka zala za kumapazi, ndipo kunsi kwake ndi kobiriwira kopanda malire. Ndinayang'ana pamene pankakhala pulopela. Panalibe. Shafiti inali itadulidwa bwinobwino ngati nzimbe yodula ndi chikwanje chakuthwa. Ndinapapasa ndi chala, posalala. Ndinayang'ana pansi, ngati ndingaione ikumira, koma inali itapita kale kumene sikufika munthu.

Nditatulutsa mutu ndinaona zinthu ziwiri. Choyamba, kumwera madzi anali atayamba kuda, ndipo mwana aliyense wa kunyanja amadziwa kuti umenewo ndi mwera ukubwera. Ukatipeza opanda injini ukanatikankhira kumpoto, kumene nyanja ilibe gombe. Chachiwiri, azimayi anali ataimirira mozungulira anganga anu, atatambasula zitenje.

Mayi wina wa geni ya nsomba, wa ku Chiponde, dzina lake sindinalidziwe mpaka lero, ndiye anatenga ulamuliro. Anali wamfupi, wonenepa, wa mawu olasa. Anati, "Amuna nonse yang'anani kutsogolo. Inu a injini, mwalephera zanu, musatisokoneze pa zathu." Eya, sekani. Anganga anu akusekanso apo. Tsiku limenelo panalibe woseka.

Tinamasula lona wofunditsa katundu n'kumumangirira pa nsungwi ziwiri kuti akhale ngati thanga logwira mphepo. Tinazula matabwa okhalira n'kuyamba kupalasa nawo, amuna anayi mbali iyi, anayi mbali iyo. Boti lolemera chotero kulipalasa ndi thabwa kuli ngati kukankha nyumba. Mafunde anayamba, oyamba aang'ono, kenako aja a mitu yoyera. Ana asukulu ankakapa madzi ndi mbale zawo zodyera. A Barnaba anakakamira chiwongolero kuti mutu wa boti uziyang'ana mafunde, akuimba nyimbo yawo ya kutchalitchi, ife uku tikutchula dzina la Allah pa mpalaso uliwonse. Kumbuyo kwa zitenje kuja ndinkamva mkazi wanga akubuula, ine osaloledwa ngakhale kucheuka. Manja anatuluka matuza, matuza anaphulika, sindinamve kanthu.

Dzuwa lili pamutu tinamva kulira kwa khanda. Kanali kamawu kakang'ono, kokwiya, kopyola mphepo. Mkulu wodwala chifuwa uja anadzuka pa matumba paja n'kunena kuti Alhamdulillah, ndipo boti lonse linayankha, Akhristu omwe. Mayi wa ku Chiponde anasuzumira pamwamba pa chitenje n'kukuwa kuti, "Mwini wake ndani? Ndi wamkazi. Tsono palasani, musangoti kukamwa yasa."

Amene anatipulumutsa anali asodzi a ku Chembe. Anali atachedwa panyanja chifukwa ukonde wawo wa chilimira unakodwa pa miyala, ndipo pothawa mwera anaona lona wathu akukupiza. Anali ndi injini yaing'ono ya kumbuyo. Anatiponyera chingwe n'kutikoka pang'onopang'ono, chingwe chikuduka, tikumanganso, mpaka tinaponda mchenga wa ku Chembe chakumadzulo. Anthu anatsika n'kumagwada pamchenga. Mayi ndi mwana anawatengera kuchipatala pa galimoto ya nsomba. Khanda limenelo ndiwo mayi anu aang'ono a Asiyatu, amene lero mumawathamangira akabwera ndi mabisiketi.

Mantha akatha, mkwiyo umabwera. Tsiku lomwelo, pamchenga pomwepo, anthu akumva, a Barnaba anandiloza chala. Anati, "Ndinakupatsa injini kuti uziisamala. Ukanapha anthu onsewa, ndi mkazi wako yemwe."

Ine magazi anawira. Ndinati, "Shafiti yanu inali yokalamba, munaigula yogwiritsidwa kale ntchito. Musandikwirire ine zolakwa zanu."

Mawu amenewo anadula ubale wathu. Kwathu anthu anagawikana. Ena ankati Amidu ndi wosasamala, ena ankati Barnaba ndi woumira, ndipo ambiri ankati ndi mankhwala, pakuti chitsulo chonenepa chotero sichingaduke nyanja ili bata popanda dzanja la munthu. Boti litakokedwa kubwerera kwathu, Che Mkwanda anapempha kuti ndiwatsogolere padoko. Anapapasa pothyoka paja nthawi yaitali, akuyendetsa chikhadabo.

Anati, "Pali mizere apa, ndikuimva. Chitsulo chikathyoka chimasiya chitalemba zimene zinachichitikira, koma ine sukulu yake ndinalekera panjira. Cheka chidutswa ichi, upake girisi wambiri, ukulunge m'nsanza. Dzimbiri lisadye. Mwina udzakumana ndi wodziwa kuwerenga."

Ndinachita zimenezo, koma ndikuuzeni zoona, sindinasunge chifukwa chofuna nzeru ayi. Ndinasunga ngati mboni yanga. Mumtima ndinkati tsiku lina wina adzanena kuti chitsulochi chinali choola kale, ndipo ndidzapita nacho kwa Barnaba n'kukachiponya pamapazi pake.

Ntchito inatha. Patapita nthawi tinasamukira kuno ku Boma, ndinayamba kukonza zigayo, kenako mainjini a asodzi atachuluka. Zigayo zija zinandidya makutu, n'chifukwa chake mumati agogo amakuwa polankhula. Chidutswa chija chinkakhala pansi pa sutikesi, pamodzi ndi kanzu yanga, mkanjo wovala pa Idi. Chaka chilichonse ndinkachimasula n'kupakanso girisi. Anganga anu ankadandaula kuti zovala zikununkha galaja.

Asiyatu anakula mosiyana ndi anzake. Anzake akusewera masanje, iye ali pambali panga akundipatsira sipanala, ndipo sankalakwitsa nambala. Masupuni a m'nyumba muno anatha n'kupindidwa, akuti akufuna aone kuti athyoka pa kangati. Inu mukathyola kapu imodzi mumalira, mayi anu aang'onowo anatidyetsa phala ndi zala mwezi wathunthu. Atasankhidwa kupita ku yunivesite kukaphunzira za uinjiniya, anzanga ena pakhonde la mzikiti ankandinena. Ankati mwana wamkazi ndi zitsulo wapi na wapi, mumupezere banja. Ine ndinkangoti mwana anabadwira pamwamba pa injini, mukufuna akakhale chiyani.

Anaphunzira, anapitanso kunja, n'kubwerera. Nditamufunsa kuti kwenikweni ntchito yako ndi yotani, anati, "Ababa, ndimathyola zitsulo." Ndinayesa nthabwala. Koma ndi zoona. Kumene amagwirako kuli makina amene amagwira chitsulo n'kumachipinda uku ndi uku, osapuma, masabata, kwinaku akuwerenga kuti chapindidwa kangati, mpaka chithyoke. Akatero amadziwa kuti chitsulo cha mtundu uwu, chikanyamula katundu wotere, chidzakhala nthawi yotalika bwanji. Za milatho, za ma ekiselo a malole, ngakhale za ndege. Waya uja wa Che Mkwanda, wotola pamchenga, kumeneko anthu anamumangira nyumba ndi magetsi.

Pa Idi ina Asiyatu atabwera, ndinatulutsa nsanza zija n'kumuikira pamphasa. Anamasula, anapukuta girisi ndi mpango wake wabwinobwino, n'kupita nacho pakhomo pamene pali kuwala. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Ababa, mundibwereke."

Anabwera nacho patapita miyezi itatu, pamodzi ndi kompyuta yake ya m'manja. Tinakhala pakhonde lomwe lino, m'mawa, tiyi ali apo. Anatsegula chithunzi choyamba. Chinali nkhope ya chitsulo chija, yokulitsidwa kudzaza galasi lonse.

Ana inu, mukudziwa mizere imene mafunde amasiya pamchenga madzi akamaphwera, umodzi kumbuyo kwa unzake, yokhotakhota? Ndi imene ndinaona. Gombe lathunthu lili mkati mwa chitsulo. Asiyatu anati mzere uliwonse ndi pamene mng'alu unaima n'kupuma, kenako n'kuyambanso ulendo.

Analoza ndi cholembera. "Apa yatalikirana, mng'alu unkathamanga. Boti linkalimbana ndi mafunde aakulu, kapena linkalemedwa kwambiri. Apa yathithikana, nyanja inali yofatsa. Tsono mzere wakuda uwu, boti linaima nthawi yaitali osayenda. Munayamba mwaimikapo boti, Ababa?"

Ndinati eya. Chaka cha m'mbuyo mwa ngoziyo boti linakhala pamtunda pafupifupi miyezi iwiri, tikudikira chipangizo cha injini kuchokera ku Blantyre. Asiyatu nthawi imeneyo anali asanabadwe, ndipo palibe anamuuzapo. Anawerenga pa chitsulo.

Anatsegula chithunzi china, chojambulidwa ndi makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso. Pakati pa mizere ikuluikulu ija panali timizere tina tosawerengeka, tondondozana ngati mizere ya m'munda ukauonera paphiri. Anati kamzere kalikonse ndi phazi limodzi la mng'alu, pamene shafiti inapindika n'kuwongoka. Subhanallah. Ulendo uliwonse umene tinayenda, tikuseka, tikudya mbatata, a Barnaba akuimba, pansi pa mapazi athu chitsulo chinkalemba, osadumpha tsiku. Ife timauzidwa kuti zochita za munthu zimalembedwa zonse, zazikulu ndi zazing'ono, ndipo ndinkavomera ndi pakamwa. Tsiku limenelo ndinaona kuti ngakhale chitsulo chosalankhula Mulungu anachipatsa kaundula wake.

Kenako anandionetsa kachigawo kokhakhala cha m'mphepete, kosaposa chala changa chachikuluchi. Anati, "Apa pokha ndi pamene panathyoka tsiku lija. Kwina konseku kunali kutaduka kale. Maulendo anu omaliza, boti lonse, anthu ndi katundu, linkakankhidwa ndi kachitsulo aka."

Ndinayang'ana chala changa. Ndinaganiza za anthu onse amene tinawaolotsa masabata amenewo, ena m'mafunde oopsa, osadziwa kuti moyo wawo ukulendewera pa kanthu kotere. Kakanatha kuduka tsiku la mkuntho, boti n'kutembenuzika. Kanapirira mpaka m'mawa wa bata, tsiku limene asodzi a ku Chembe anachedwa.

Ndinati, "Ndiye kuti chitsulocho chinali choola, eti? Barnaba anagula chinthu chakutha."

Asiyatu anatenga kapu. Anathira tiyi, n'kundipatsa ndi manja awiri. Anati, "Chitsulocho chinali chabwino, Ababa. Taonani mizere yonseyi, ikuzungulira malo amodzi, ngati mukaponya mwala m'madzi. Pamenepo ndi pamene mng'alu unabadwira." Anakulitsa chithunzi. M'mphepete mwa shafiti munali kabala kowongoka, kakuthwa, kotalika ngati njere ya mpunga. "Aka sikanabwere kuchokera ku fakitale. Ndi ka tchizulo. Kodi pulopela inachotsedwapo?"

Ndinaika kapu pansi. Zinabwera zonse ngati dzulo. Zaka ziwiri ngozi isanachitike, tinakola ukonde wa eni ake ndipo phiko limodzi linapindika. Pochotsa pulopela kuti tikawongole, inakanirira. Ndinatenga tchizulo ndi nyundo n'kumamenya m'khosi mwake. Kamodzi tchizulo chinaterereka n'kuluma shafiti. Ndinayang'ana, ndinapakapo malovu, n'kupukuta ndi chala. Kanali kabala kopanda pake. Ndinabwezeretsa pulopela pamwamba pake n'kuiwala.

Zaka zoposa makumi atatu ndinkapaka girisi mboni yanga, osadziwa kuti ikudzanenera ine.

Ndinati, "Ndine, mwanangu. Ndi dzanja ili."

Anati, "Simunkadziwa, Ababa. Anthu ophunzira kwambiri anagwetsapo milatho asanadziwe kuti kabala kotere kangachite zimenezi. N'chifukwa chake ntchito yangayi ilipo." Anganga anu, amene anali pakhomo apo akumvetsera, sananditonthoze ayi. Anangoti, "Barnaba akadali moyo. Ali kwawo cha ku Malindi."

Sabata yomweyo tinapita, ine ndi Asiyatu, pa njinga zamoto za kabaza, ine nditakumbatira mnyamata woyendetsa ngati ndi m'bale wanga. Tinawapeza a Barnaba atakhala pampando pansi pa mtengo wa mango. Chimphona chija chinali chitatha, maso atachita khungu, koma mawu anali omwe aja. Nditapereka moni anatembenuza mutu.

"Mawu awa ndi a Amidu. Wabwera kudzandimaliza?"

Ndinagwada pambali pa mpando wawo, ine nkhalamba, mawondo akulira. Ndinawaika chitsulo chija m'manja n'kuwafotokozera zonse, za ukonde, za tchizulo, za malovu. Ndinati, "Munanena zoona pamchenga paja. Ndinkakunenani kwa anthu zaka zonsezi. Mundikhululukire."

Anatembenuzatembenuza chitsulocho m'manja. Kenako anapukusa mutu. Anati, "Amidu, ine ndinkaima pamwamba pa shafiti imeneyi tsiku lililonse. Mwezi wathunthu isanaduke ndinkamva kunjenjemera kwachilendo m'mapazi mwanga. Ndinkadziwa kuti china chake chalakwika. Koma anthu anali ambiri padoko, msewu utaduka, ndinati tidzaona nyengo ya mwera ikayamba, boti likaima. Sindinakuuze. Pamchenga paja ndinakukalipira chifukwa ndinkaopa kuti undifunsa."

Tinakhala choncho, nkhalamba ziwiri, wina sakuona, wina sakumva bwino, misozi ikutsika. Kenako a Barnaba anafunsa kuti amene ndabwera nayeyo ndani, popeza anamva mapazi a anthu awiri.

Asiyatu anagwada n'kunena kuti, "Ndine Asiyatu, agogo. Ndinabadwira m'boti mwanu."

Anatambasula dzanja n'kupapasa nkhope yake, mpaka mpango wa kumutu. "Kamawu kaja ndiwe? Iwe ndiye wawerenga chitsulochi? Tandionetsa pamene panatigwira."

Asiyatu anatenga chala chawo n'kuchiyendetsa pa mizere ija umodzi umodzi, akuwauza kuti apa ndi mwera, apa ndi pamene munadikira chipangizo, mpaka chinafika pokhakhala paja. A Barnaba anasiya chala pamenepo. Anavula chipewa ndi dzanja linalo n'kuchiika pabondo. Milomo inkagwedera, ndikuganiza ankapemphera mwa kwawo, ndipo ine ndinapemphera mwa kwathu.

Atatha anapempha kuti chitsulocho chitsale kwa iwo, akuti akufuna adzukulu awo achigwire. Ndinawasiyira. Kenako anakuwa, ndi mawu aja ankamveka kuchokera kuchiwongolero mpaka kumutu kwa boti, kuitana mpongozi wawo kuti agwire tambala wamkulu uja. Tambala atabwera, a Barnaba anati, "Mpeni mupatseni Amidu azinge yekha, apo ayi sadya. Ndimamudziwa ameneyu."

Ndinazinga tambala uja kuseri kwa nyumba ya Barnaba, nditayang'ana ku chibula, kumene timayang'ana popemphera, ndipo tinadya m'mbale imodzi. Chaka chotsatira anamwalira, ndipo ndinanyamula nawo bokosi lawo mpaka pakhomo la tchalitchi.

Basi, ana inu, pakamwa pauma. Fatuma, kanditungire madzi m'ketulo, nthawi ya swala yakwana.